Yotamu kumudzi, Gilibati ku bwalo la ndege

Lachiwiri m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba kuno ku Chintheche, ndikuyanika chinangwa, pamene mayi akunyumba anandiitana kuti kwabwera mlendo. Anali Yotamu, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 8 kalekale. Lero ndi bambo wa imvi, wa ana anayi, ndipo amakweza katundu m'ndege ku Lilongwe.

Malonje sanatalike.

"Aphunzitsi, zandivuta," anatero. "Kuntchito akuti aliyense wolowa m'kati mwa bwalo la ndege aonetse chitupa cha unzika, ndipo dzina lifanane ndi la m'mabuku awo. Chitupa changa chikuti Yotamu, iwo amandidziwa kuti Gilibati. Andilanda chiphaso cholowera mpaka nditalongosola."

Gilibatiyo ndinamuumba ndine.

Achinyamata mwina simungamvetse. Masiku amenewo malo ku sekondale anali ochepa, ndipo tonse tinkakhulupirira kuti mwana wobwereza kalasi sasankhidwa. Ndiye mwana akatsala, tinkamulembetsa dzina lina kuti aoneke ngati akulemba mayeso koyamba. Makolo ankatichonderera, ife n'kuvomera, tikudziona ngati anthu achifundo.

Yotamu anasankhidwa ulendo wachitatu, pa dzina la msuweni wake Gilibati, amene anasiya sukulu n'kupita kukapha usipa ku Usisya. Masatifiketi anatuluka m'dzina limenelo, ntchito anaipezanso nalo. Koma olembetsa unzika atafika, iye anali kumudzi pa tchuthi, pakati pa abale ake. Akanati bwanji ndine Gilibati, Gilibati weniweni ataima pamzere womwewo?

Musaganize kuti ndikudana nalo lamuloli. Ndi labwino. Munthu amene amagwira chikwama chanu chisanalowe m'ndege ayenera kudziwika kuti ndi ndani, kwawo n'kuti. Ndege si minibasi ya ku Kande yoti ikayamba kufuka utsi mumakuwa kuti ikutsitseni. Ngati munthu wofatsa ngati Yotamu wakhala akulowa pageti zaka zonsezi ndi dzina la eni, wa mtima woipa akanalephera bwanji? Funso limenelo likundiopsa.

Koma chikundiwawa n'chakuti amati choipa chitsata mwini, pamene ichi chatsata mwana. Mwini wake ndili phee pakhonde, ndikudya penshoni, Lamlungu ndikukhala kutsogolo monga mkulu wa mpingo. Yotamu sanasankhe dzinalo. Ndinangomuitana kuofesi n'kumuuza kuti kuyambira lero ukamva Gilibati uziyankha.

"Ada, ndikungopempha kalata," anatero Yotamu. "Mulembe kuti Yotamu ndi Gilibati wa kuntchitoyo ndi munthu mmodzi, ndipo mukudziwa mmene zinakhalira."

Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kuzemba. Poyamba ndinalemba kuti "panachitika cholakwika pasukulu", monga timalembera tikafuna kuti mlandu usowe mwini. Yotamu anawerenga, n'kungoyang'ana pansi. Manyazi anandigwira. Ndinang'amba pepalalo n'kulemba lina: dzinali ndinasintha ndine, mwanayu analibe mawu. Ndinasaina.

"Yewo, ada," anathokoza m'chiyankhulo chakwathu, n'kupinda kalatayo bwinobwino. Lachitatu anakwera basi yobwerera.

Sindikudziwa ngati akuluakulu ake ailandira. Mwina amutumiza kukalumbira kukhoti, mwina amuuza kuti azipita kwawo. Ndikuwapempha chimodzi chokha: afufuze ndithu, geti alilimbitse, koma asiyanitse munthu wobisala ndi munthu amene anabisidwa ali mwana.

Tsono kwa inu aphunzitsi anzanga opuma, kuyambira ku Bandawe mpaka ku Mpamba, tisanamizane, sindinali ndekha. Ana amene tinawaveka mayina a eni ali m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabwalo a ndege, ndipo chitupa chikuwapeza mmodzimmodzi. Wanu akadzagogoda pakhomo ntchito yake ili m'manja mwanu, mudzasaina, kapena mudzati mwakalamba, simukukumbukira?