Amuna Anga Anagireda Baibulo

Amuna anga akhala akugireda fodya m'mashedi a ku Karoi kuyambira nthawi ya azungu, ndipo lero akapeza ganyu m'mapuloti a alimi ang'onoang'ono ntchito ndi yomweyo. Vuto lawo n'lakuti sadziwa kuweruka. Amagireda nyemba, amagireda alendo, ndipo chaka china anayamba kugireda Baibulo langa.

Bukulo anandisiyira ndi mayi anga, amene anabwera nalo kuchokera ku Malawi. La Chichewa ngati limenelo simungalipeze m'sitolo kuno. Koma abambowa ankaliwerenga atakwinya mphuno ngati akununkhiza tsamba lowola.

"Buku lanzeru lanji losatchula fodya olo kamodzi?" ankatero. "Akuti nsomba inameza munthu n'kumulavula wamoyo. Nhai amayi, matemba onse tadya ifewa, alipo anatulukamo akusambira?"

Ndinkangowasiya, pakamwa ndi pawo. Kenako bukulo linayamba kuonda. Ndinanamizira chiswe, ndinanamizira makoswe, mpaka ndinakalipira mphaka kuti ndi waulesi. Ndiye masana ena ndinawapeza abambo kuseri kwa balani akusuta chingambwe chopichira m'kapepala kosalala, kodzaza timalemba ting'onoting'ono. Ndinapsa mtima koopsa.

"Musakwiye amayi," anatero akutulutsa utsi m'mphuno. "Ndikusuta sikirapu yokhayokha. Masamba a giredi yabwino, a nkhondo ndi a miyambi, sindinawakhudze. Awa ndi aja a uje anabala uje, uje anabala uje. Muli nzeru yanji mmenemo? Koma kuyaka kwake, maiwe, nyuzipepala ichepa."

Ndinakhala pa belo la fodya kuti ndisawateme ndi khasu limene linali pafupi.

"Chabwino agireda," ndinatero. "Inuyo anakubalani ndani?"

Anatchula bambo awo monyadira.

"Nanga iwowo anawabala ndani?"

Anatsegula pakamwa, koma panatuluka utsi wokha. Apongozi anga anafika kuno wapansi ali mnyamata, ndipo anamwalira papulazi, pafamu imene ankagwira ntchito, amuna anga akadali aang'ono. Za kumudzi chimene abambowa amadziwa n'chakuti ndi cha uko kupitirira Dedza, basi. Adzukulu akawafunsa, amayamba kutsokomola.

"Anthu mukuwasutawo analemba makolo awo," ndinatero. "Ife adzukulu tidzawauza kuti tinabadwa kwa yani? Kwa balani?"

Ndinkafuna kuwabaya, koma mawuwo anandibaya ndi ine ndemwe, chifukwa kupitirira agogo anga inenso sindidziwa aliyense.

Abambo anayang'ana chingambwe chawo. Anachizimitsa ndi malovu, anachimasula mosamala, fodyayo n'kumubwezera m'thumba, poti chibwana chotaya fodya alibe. Kapepalako anakawongola pabondo ndi chala chachikulu monga amawongolera tsamba la giredi yoyamba. Theka linali litapsa kale.

"Za nsomba zija sindikusintha," anatero akundipatsa. "Koma mayina awa sungani. Atsalapo angapo."