Mlamu wanga ndi gulu la oweta nkhunda

Malemu mlamu wanga, wokonza maambulera, anali munthu wosadziwa kukana. Ngakhale galu akamuuwa, iye ankavula chipewa. M'chilimwe ntchito inkasowa, ndiye ankaswera pakhonde la sitolo ya mnzake, mkulu wina wobwera kuchokera kutali, akusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo.

Mwana wake atamugulira foni, wina anamulowetsa m'gulu la pa foni la oweta nkhunda. Poyamba nkhani zinali za chitopa ndi maunda. Kenaka munatulukira munthu wodzitcha Mkango. Lero kanema wa nyumba ikuyaka, mawa akuti obwera atilanda misika, mkuja akuti obwerawo ndi nsabwe zofunika kuphwanya. Mlamu, ndi magalasi ake ong'aluka aja, ankangoona kuti munthu walemba zambiri, ndiye wakhetsa thukuta. Ankayankha kuti, "Mwatithandiza, bambo." Pansi pakalembedwa kuti tumizani kwa ena, ankatumiza, poti uthenga wa mwini sugonetsedwa. Anatumizira abusa, apongozi, ngakhale wasitolo yemwe.

Wasitolo anasiya kutulutsa benchi yomwe ankakhalira posewera drafuti.

"Alamu, mnzanu uja mwamulakwira chiyani?" ndinafunsa.

"Ine? Kaya. Mwina yamugwira nyamakazi."

Tsiku lina Mkango analamula kuti aliyense ajambule sitolo ya wobwera ya m'dera lake. Mlamu kujambula sankatha. Zithunzi zake zinkatuluka chala chokhachokha. Basi, ulendo kwa wasitolo.

"Achimwene, tandijambulirani sitolo yanuyi. Akuifuna anzathu a nkhunda."

Wasitolo analandira foni nayamba kuwerenga mokweza, uthenga umodziumodzi, mpaka pamene panatchulidwa petulo ndi machesi.

"Nsabwe zikunenedwazi ndine," anatero, "ndi ana anga aja mumawakonzera maambulera ulere. Ndipo apa mwathokoza. Apanso mwathokoza."

Mlamu anakhala pa thumba la mchere.

Anapitira limodzi kupolisi, foni ataikulunga m'mpango, ataigwira kunsonga ngati khoswe wakufa. Kumeneko mlamu anapempha kuti asanatuluke m'gulumo atsanzike kaye, poti kuchoka mwakachetechete n'kupanda mwambo. Wapolisi anangomuyang'ana, iye n'kungopereka foniyo.

Wasitolo anatumiza mkazi ndi ana kwa abale ake, ndipo iwo anakhalitsa kumeneko. Mlamu ankapita m'mawa uliwonse kukasesa pakhonde la sitolo, osatumidwa. Mnzakeyo anakhululuka pang'onopang'ono, monga limapolera bala la munthu wamkulu. Anayambanso kuchezerana, koma wasitolo ankakhala choyang'ana kumsewu.