Wosunga Mbiri ya Doko la Nyamkolo

A Stafford Alufandika akhala akukonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ku Limbe kwa zaka makumi anayi, koma anthu akwawo amawadziwa ndi ntchito ya pamaliro. Munthu wa ku Nyamkolo, kadoko ka m'mbali mwa Shire kumunsi kwa Nsanje, akamwalira muno mu Blantyre, owerenga mbiri yake amakhala iwowa. Vuto ndi lakuti sayambira pa tsiku limene malemu anabadwa. Amayambira pa bwato.

Poyamba, amatero, panali mabango ndi mvuu basi, mpaka munthu wina woolotsa anthu pabwato anamangapo chisakasa. Sitima zapamadzi zitayamba kuima pamenepo kudzatenga nkhuni ndi thonje, panabwera masitolo atatu a amwenye, tchalitchi cha njerwa ndi kandende ka chipinda chimodzi. Njanji itadzera kutali sitima zija zinasiya kubwera, tauni n'kugona tulo. Inadzadzukanso nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, othawa kwawo atadzaza msika ndi njinga ndi mawayilesi. Pofika apa olira amakhala atayamba kusuzumira mafoni, woyendetsa mwambo akukanda mutu. Munthu wokonza mawotchi koma wosadziwa nthawi! Komabe palibe amawadula, chifukwa sawonjezera kanthu. Chaka akachiiwala amanena poyera kuti achiiwala.

Chaka chatha akazi awo, a Anastazia, anadwala matenda aja madokotala amangoti pitani nawoni kunyumba. Ali gone ku Nkolokosa, pempho lawo linali limodzi: akaikidwe ku Nyamkolo, pafupi ndi mayi awo. A Stafford analonjeza osaganiza kawiri.

Patatha milungu iwiri, Alidi, dalaivala wa lole yonyamula nsomba zouma kuchokera kumeneko, anaima pakhonde paja atavula chipewa.

"Madala, musandide ine," anatero. "Madzi a ulendo uno sanasiye kanthu. Msika, tchalitchi, ndi manda omwe. Pamene panali mandapo pano pakudutsa mabwato. Anthu onse awasamutsira kumtunda."

A Stafford anaisenza nkhaniyo masiku khumi ndi limodzi. Mtima unkawawawa kwambiri, ndipo ankachita mantha. Akabwera kuntchito ankawamwetsa phala odwalawo, n'kumawauza za mitengo ya zinthu ku Limbe ndi mwano wa makondakitala, chilichonse bola asafike ku Shire.

Lamlungu masana, amayi a kumphakati atapemphera n'kupita, a Anastazia anawaitana.

"Bambo a Daisy, takhalani apa. Mundiuze ya kwathu ija. Ndimangoimvera pamaliro a eni, anthu akusokosa."

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba. Bwato linadutsa, sitima zinadutsa, amwenye anatsegula masitolo awo n'kutseka. Atafika pa othawa nkhondo anailekeza nkhaniyo.

"Pitirizani," anatero a Anastazia.

"Yathera pomwepa, mayi a Daisy."

"Inu bambo, anthu akufa simunawanamizepo. Mukufuna muyambire pa ine ndikadapuma?"

Apa mkulu uja anagonja. Ananena zonse mwa dongosolo lake, monga amachitira: mwezi umene madzi anafika, zimene zinayamba kugwa, kumene anthu anathawira. Manda anawatchula pomaliza, misozi ikutsikira m'ndevu. Anapepesa ngati kuti mtsinjewo anachita kuutuma ndi iwo.

A Anastazia sanadzidzimuke.

"Akazi a Alidi anandiuza kalekale, atabwera kudzandiona," anatero. "Ine sindinafune za m'maluwa. Ndimadikira inu. Mukanena inu ndiye kuti kwathu kwathadi."

Analira onse awiri, nthawi yaitali ndithu. Kenaka odwalawo anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lonjezo lija ndakumasulani. Amayi apita ndi madzi, sindingawapezenso. Mundiike konkuno, koma pamalo poti muzifika ndi minibasi imodzi. Maondo anuwo ndikuwadziwa ine."

Anamwalira mwezi usanathe. Loweruka lililonse a Stafford amatseka kabokosi ka mawotchi nthawi ya nkhomaliro, n'kukakwera minibasi imodziyo.