Kachipinda ka Padenga ku Fez

Tsiku limene nyumba yawo inagwa, Nezha anangopulumutsa ketulo basi. Inu amene mukuti moyo wakupondani pakhosi, tamvani kaye za mtsikanayu.

Inali nyumba yakalekale, m'kati mwa mzinda wakale wa Fez. Palibe anafa, koma onse anawasamutsira ku nyumba zosanja za kunja kwa mzinda. Anawauza kuti n'zongoyembekezera. Sanabwererenso.

Bambo ake a Nezha, osoka nsapato zachikopa, makasitomala anawathawa, ndipo chaka chisanathe anatsikira kulichete. Mayi ake, a Rkia, ankangokhala pawindo, osadziwa ngakhale dzina la munthu wa khomo linalo.

Nezha analumbira kuti adzaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Mayeso olowera kusukulu ya zimenezi analephera. Analembanso, analepheranso. Poti ankagulitsa buledi pachipata cha mzinda, anthu anamupatsa dzina loti "injiniya wa buledi". Zinkamuwawa, tisaname. Koma makasitomala akachepa, iye ankajambula makoma ndi zitseko zakale pa mapepala okulungira bulediyo. Kachitatu anakhoza.

Atamaliza sukulu anamupatsa ntchito imene anzake onse anaithawa. Inali nyumba ya zaka mazanamazana, ya matabwa osemedwa mwaluso, koma yochirikizidwa ndi mitengo ngati nkhalamba yoyendera ndodo. Munkakhala mabanja asanu. Akuluakulu a ntchitoyo anati anthu atuluke kaye kuti ikonzedwe, apo ayi mvula isanayambe adzawatulutsa mokakamiza n'kuitseka.

Pabwalo la nyumbayo analandiridwa ndi Lalla Zhor, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa.

"Tituluke? Iwe mwana, tikuoneka ngati tinabadwa dzulo? Wotuluka sabwerera. Mukakonza muikamo alendo azimwera tiyi pabwalo langa."

"Ndikudziwa, Lalla. Ifenso tinatuluka."

"Ndiye wabwera kudzatani? Kudzatiperekeza?"

Nezha anangonyamula beseni la zovala la mayiwo n'kuwatsatira padenga. Madenga a kumeneko ndi afulati, ndipo padenga ndi pa akazi: amayanikapo zovala, amadyerapo miseche, mwamuna sapondapo. Ali pomwepo anaona kuti pamwamba pa khoma limene linali lolimbabe pali malo.

Anakajambula kachipinda kopepuka ka matabwa. Banja limodzi likwere, chipinda chawo chikonzedwe, litsike, kenako likwere lina. Pasapezeke wotuluka pakhomo.

Akuluakulu aja anati ntchito yotero ichedwa. Iye ankangobwererabe ndi mapepala ake mpaka anatopa naye n'kuvomera. Kunyumba kuja nako kunabuka nkhani ina. Nkhalamba ya m'chipinda chapansi, dzina lake Si Allal, inakanitsitsa.

"Ine ndikagone kwa akazi? Ndi ndevu zangazi?"

"Akukufuna ndani?" anatero Lalla Zhor. "Kuti uzikasuzumira madenga a anzathu?"

Nezha sanakangane nawo. Anangowonjezera mpanda wa matabwa pa pulaniyo, woti mwamuna akakwera asaone denga la wina aliyense. Akazi anauyang'ana, anagwedeza mitu. Komabe woyamba kusiya chipinda chake sankaoneka, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana.

Mapeto ake Lalla Zhor anamanga mitolo yake.

"Ndikwera ineyo. Koma ukandinamiza, mwana iwe, temberero langa lidzakupeza ngakhale kumanda."

Amisiri anachotsa mitanda yofumbwa, anamata ming'alu ndi laimu, matailosi akale anawabwezera m'malo mwake. Nezha ankafika m'mamawa, mtima uli m'mwamba, poti akanalakwitsa pamenepa onse akanapita.

Tsiku lotsika, Lalla Zhor analowa m'chipinda chake, anasisita khoma, anakhala pansi n'kulira. Kenako anapukuta misozi.

"Nanga chitsekochi bwanji chasiya kulira? Ndizidziwa bwanji kuti Allal akundibera makala?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Nezha anapumira m'mwamba. Madzulo omwewo Si Allal anakwera yekha, ndevu zili patsogolo.

Mabanja onse anakwera n'kutsika. Mvula inabwera yamphamvu, koma m'nyumbamo simunadonthe, ndipo palibe anasamuka.

Ntchito itatha, Nezha anabwera ndi akalipentala kudzaphwasula kachipinda kaja. Anapeza akazi atatseka masitepe, Lalla Zhor ali patsogolo, manja m'chiuno.

"Ukagwetse? Uli ndi nzeru za pepala zokha iwe. Kawatenge mayi ako adzakhalemo."

A Rkia anakwera masitepewo pang'onopang'ono, akupumira panjira. Atafika pamwamba anamva fungo la buledi la ku uvuni wa m'deralo, ndipo mayi wina wa denga linalo, wowadziwa kalekale, anawaitana ndi dzina lawo. A Rkia anatembenukira kwa mwana wawo. Kenako anati, "Nezha, ketulo ija ili kuti? Anthuwa amwe tiyi."

Inu amene mwalephera kamodzi, mwalephera kawiri, ndipo anthu akupatsani kale dzina, musataye mtima. Dzukani, kalembeninso. Pali wina wake ali pawindo, akudikira kuti inu mumubwezere kwawo.