Rediyeta Imene Anaiwongola Bwino

Loweruka limenelo kunacha ndi mphepo yoluma makutu, ndipo chigalimoto chokankha sinowo chinkapala msewu wathu ku South Bend. M'nyumba namo munali phokoso. Rediyeta ya kuchipinda, chitsulo chotenthetsera chipindacho, inkagunda ngati wina akumenya paipi ndi hamala, koma ukaigwira, zii.

Mwana wanga wamkazi, namwino ku Indianapolis, anali atanena kale pafoni: "Bambo, boila yanuyo yatha. Lamlungu ndikubwera kudzakutengani." Ine sindinkafuna kuchoka m'nyumba imene ndinakhalamo ndi malemu akazi anga.

Ndinaitana pulambala wina wokalamba wa mumsewu mwathu. Anatsikira kuchipinda chapansi kukaona boila yowiritsira madzi otenthetsa nyumba, n'kubwerako akuti ilibe vuto. Kuchipinda anaika levulo pa rediyeta, kenaka anaseka.

"Amene anaika ichi amadziwa kumanga khoma," anatero. "Chawongoka bwino zedi. Vuto lake ndi lomwelo."

Anandifotokozera kuti nthunzi ikazizira imasanduka madzi, ndipo madziwo amabwerera ku boila kudzera m'paipi yomweyo imene nthunzi imalowera. Choncho rediyeta iyenera kupendekera pang'ono ku paipiyo. Ikawongoka, madzi amatsalira, nthunzi n'kumawombana nawo. Kenaka anakanda ndi mpeni kachitsulo kam'mbali kotulutsira mpweya. Kabowo kake kanali katatsekedwa ndi penti.

Ndinakhala pabedi. Rediyetayo anaiika pamenepo ndi azibambo a kumpingo kwathu ku Indianapolis. Anabwera ulendo wonsewo kudzaisuntha kuti bedi la kuchipatala la akazi anga likwane pafupi ndi windo. Mmodzi anali mmisiri womanga nyumba kumudzi, ndipo anabwera ndi levulo yakeyake. Anaipakanso penti yoyera kuti chipinda chiwale. Nyengo yozizira yonse imene ankadwala, akazi anga ankafunda mabulangete anayi, osadandaula.

Pulambala anatukula mbali yakutali ndi paipi, ine n'kulowetsa timatabwa tiwiri pansi pa miyendo yake. Anasinthanso kachitsulo kaja. Posakhalitsa mpweya unayamba kutuluka, kutentha n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kugunda kunatha. Ndinasiya manja pomwepo nthawi yaitali.

Lamlungu mwana wanga anafika ndi awiri a azibambo aja, odzathandiza kunyamula katundu. Mwanayo atalowa kuchipinda anavula jekete.

"Bambo, mwagula boila ina?"

"Boila inalibe mlandu, mwanawe."

Ndinawalongosolera zimene pulambala anapeza. Mwana wanga anagwira rediyeta, n'kunena kuti makatoni opanda kanthu amene anabwera nawo abwerere m'galimoto.

Mmisiri uja anagwada kuyang'ana timatabwa tija. Anatola kachitsulo kakale pawindo, n'kumakatembenuza m'manja.

"Achimwene," anatero, "ndiye kuti alamu anazizidwa chifukwa cha ife?"

Kunama sindinafune. "Inde, anazizidwa. Koma bedi lawo linali pawindo, monga ankafunira."

Mnzake anavula chipewa. Onse awiri ankangoyang'ana pansi.

Ndinawakhululukira.