Kakamera ka m'chigubu cha majarini kachititsa manyazi munthu wosalakwa

Esinati, mwana wanga wachiwiri, ndiye wandikakamiza kulemba izi. Akuti, "Amama, inu anthu amakuwerengani sabata iliyonse, ndithandizeni kukonza zimene ndawononga." Ndiye ndakhala pansi, koma mtima suli m'malo. Chiyambire kulemba ndanyamuka katatu kukasuzumira kumpanda.

Esinatiyu amakonza mafoni kutauni. Mukamuona ndi tizitsulo take mungati dokotala. Mwezi watha anabwera kudzandiona, n'kupeza thumba la nshawa zimene ndinakolola ku Chipangali latsika. Nshawa zabwino, zamaso akuluakulu, ngakhale mvula chaka chino inatinamiza, koma imeneyo ndi nkhani ina. Iye pomwepo, "Amama, akukuberani." Ine ndinangoti mwina makoswe.

Loweruka anatulukira ndi kanthu kobiriwira, kakang'ono ngati sopo wosambira, kopanda ndi chivindikiro chomwe. Akuti ndi kompyuta. Ndinaseka. Kompyuta yake iti yopanda galasi, yopanda podinadina? Analowetsamo kakhadi konga chikhadabo, n'kulumikiza kadiso ka kamera ndi kachingwe kopyapyala ngati riboni. Kenako anatenga chigubu changa cha majarini, kuchiboola ndi msomali wamoto, kuikamo zonsezo, n'kuchimangirira pansi pa denga la khitchini. Moto wake ndi wa tchaja ya foni, ndi batire pambali, poti magetsi athuwa mukuwadziwa.

"Amama, tayendani apo."

Ndinayenda. Foni yake inalira.

"Tabwererani."

Inaliranso, iye n'kundionetsa chithunzi changa, ndapindika ngati ndikufuna singano pansi.

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa. Ine ndimaona ngati ndi iyeyo akudina pafoni, monga amachitira pa ukwati. Ndinati akapita kutauni ndani adine? Anafotokoza, inde, zoti kakaona chinthu chikuyenda kamajambula kokha n'kutumiza kwa iye. Koma ine mutu wonse unali pa chigubu changa, chimene ndimasungiramo mchere. Ndamva pambuyo pake kuti masiku oyamba kanamutopetsa ndi zithunzi za nkhuku ndi za chitenje chouluka pachingwe, mpaka anakauza kuti tinthu ting'onoting'ono kazitisiya.

Tsopano ndikuuzeni chimene Esinati sankadziwa.

Pafupi ndi ine pali mayi wina wamkulu, dzina sinditchula. Amuna awo anali aphunzitsi a mishoni, anamwalira kalekale. Ana onse anatsogola. Ndi mayi wa ulemu wake, wosita duku ngakhale akupita kuchigayo. Atsikana ambiri kuno anaphunzira kusoka pakhonde pawo. Munthu wotere simungamupatse chakudya m'manja. Ndinayesapo kamodzi, mbale inabwerera ili yodzaza, mwana wotumidwa n'kunena kuti akuti zikomo, adya kale.

Ndiye Lachinayi lililonse ndikamapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, khitchini sinditseka. Pamwamba pa thumba ndimasiya kambale. Iwo amabwera masana, n'kutapa kambale kamodzi, nthawi zina ka nshawa, nthawi zina ka ufa. Ine pobwera ndimapeza bwalo losesa, kapena siketi yanga yong'ambika atayisoka n'kuibweza pachingwe. Zaka zinayi, osatchulana. Tikakumana timangoti mwadzuka bwanji, miyendo ikuti bwanji.

Lachinayi lapitali kakamera kanachita ntchito yake. Esinati ataona chithunzi, mtima unamupsa. Nkhope sinaoneke bwino chifukwa mayiwo anali atawerama. Osandiimbira, osafunsa, anachiponya pagulu la pafoni la m'dera lathu lino, n'kulemba kuti, "Wakuba uyu mukumudziwa?"

Ndani sanamudziwe? Duku lija ndi limodzi lokha kuno.

Ine ndikutuluka m'tchalitchi, ndikuona amayi atatu aunjikana pa foni. Atandiona, mmodzi ndiye anati, "Amake Esinati, pepani, simungamudziwe munthu."

Anthuni, ndikufunseni. Kodi zonse zoyenda ndi zakuba? Ife tinakula tikuona makolo akamakumba nshawa sakumba zonse, zina amazisiya dala m'nthaka kuti wokunkha apeze. Mwini munda akamuona patali ankatembenuka, n'kuyamba kukonza mpini wa khasu umene sunawonongeke. Kuyang'ana kumbali tinkaphunzitsidwa ngati mmene tinkaphunzitsidwira kugwada. Nanga kanthu ka m'chigubuka ndani akaphunzitse zimenezo?

Sindikuti makamerawa ndi oipa, ayi. Mlamu wanga ali ndi golosale ku Mwami, kumene anthu ndi malole sizitha, ndipo yake yamuthandiza. Akuba aliko, ine ndemwe anandinyamulirapo mapoto atatu. Koma inu ana, musanamangirire kadiso pa denga la mayi anu, tafunsani kaye kuti pabwalo pano pamadutsa ndani, ndipo chifukwa chiyani. Nafenso akuluakulu tizilankhula. Ndikanangonena mawu awiri kwa Esinati, zonsezi sizikanachitika. Ndinasunga chinsinsi cha munthu mpaka ndinamugwetsa nacho.

Esinati anafufuta chithunzicho, koma akuti chinali chitadumphira kale m'mafoni ena, mpaka kwa anthu a ku Mtenguleni amene sanapondepo pabwalo panga.

Dzulo ndinapita kwa mayiwo. Odi katatu, zii. Kachinayi ndiye anayankhira m'kati, chitseko osatsegula.

"Amake Esinati, mwabwera kudzatenga kambale kanu?"

"Asisi, ndabwera kudzapepesa. Kambale ndimaika ndine, inunso mukudziwa."

"Ndimadziwa kuti mumadziwa. Koma simunandionepo. Lero tauni yonse yandiona."

Ndinakhala pa sitepe. Ndinawafunsa kuti ndinene chiyani kwa anthu, chifukwa kuwayeretsa pa za kuba ndi kuulula za njala yawo, chinthu chimene achibisa zaka zonsezi. Ndinamva akusuntha mpando m'katimo.

"Njala si tchimo," anatero. "Nenani. Koma ndisakamve wina akundipatsa pepani kutchalitchi."

Chichokereni Lachinayi sanatuluke m'nyumba. Lamulungu lapitali pamalo pawo, benchi yachiwiri, panali pululu, kwa nthawi yoyamba chiikireni amuna awo m'manda.

Ndiye mwamva. Munthu uja si wakuba, ankatenga zimene ndinamuikira ine mwini wake. Inu nonse amene chala chanu chinafulumira kutumiza chithunzi chija, chifulumirenso ndi tsamba ili, kwa anthu omwewo, mmodzimmodzi. Amene sadziwa kuwerenga muwawerengere, kuchigayo, pamjigo, m'minibasi. Chonde lifike Lamulungu lisanakwane. Ndipo mukawaona akulowa, musayang'anitsitse, musanene pepani. Ingosunthani pang'ono pabenchi.