Buku lomwe ndinakubisirani

Achemwali, lero m'tauni ndaona wogulitsa mumsewu atayala buku la mlembi wa ku Wales uja. Munkaliwerenga m'matatu, minibasi za kuno ku Nairobi, tikamabwerera kwathu ku Kangemi, n'kumandigunyuza kuti, "Iwe, ameneyutu anayamba kulemba wopanda womudziwa, koma taona, wafika mpaka Nairobi." Ine ndinkangoti nkhani zopeka zikukudyerani nthawi ya Baibulo.

Ndiulule basi. Lanu lija silinatayike ayi, ndinabisa ndine mutatsala ndi masamba ochepa. Munalifunsanso muli m'chipatala, ine manyazi, osaulula. Mulungu ndinamupepesa, nanga inuyo, poti munatisiya, ndikupepeseni bwanji? Nditafika kunyumba ndalitulutsa m'sutikesi, ndawerenga kuyambira pomwe munapinda tsamba. Mmene nkhaniyo inathera ndadziwa tsopano, koma woti ndimuuze palibe.